Tisanagule boti lalikulu, tiyeze kaye Ruo

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanuyi ndiyankhule ndi ana athu amene ali ku Joni. Pa gulu lawo la WhatsApp ine palibe, foni yanga ndi ya mabatani, koma ndamva kuti nkhani zanu amaziwerenga pa intaneti, ndiye mwina kudzera kwa inu mawu anga awapeza.

Ndine mmisiri wa matabwa, ndimakhala chakufupi ndi Sandama m'boma la Thyolo, kumene mtsinje wa Ruo ndiwo malire athu ndi Mozambique. Anyamata a m'mudzi mwathu amene akugwira ntchito ku South Africa asonkherana ndalama kuti agule boti lowolotsa anthu padooko pathu. Ana inu, Mulungu akudalitseni. Tikudziwa kuti ndalama za kumeneko satola pansi, ena a inu mumapanikizana m'kachipinda kamodzi kuti mupeze yotumiza kumudzi. Choncho zomwe ndilembe apa musazitenge ngati kunyoza mphatso.

Pavuta ndi pa kukula kwa botilo. Inu mwatumiza zithunzi za boti lalitali la faiba, la injini kumbuyo, longa aja a ku nyanja ya Malawi, ndipo mwati m'mbali mwake mudzalembedwe dzina la mudzi. Pabwalo la amfumu anthu atapatsirana foni n'kuona zithunzizo, nthungululu zinalira ndipo nkhani inathera pomwepo. Tinalipo ochepa amene tinati ndalama zomwezo tikhomere maboti awiri ocheperapo, a matabwa, a pansi pafulati, oyenda ndi nkhafi. Sitinamveke. Bambo wina anachita kundifunsa kuti kodi ndikufuna ntchito yokhomayo igwere ine. Ndinamuyankha pomwepo, ndipo ndibwereze pano: msana wanga unatha kale, macheka ndinawasiyira adzukulu, akakhome wina aliyense wodziwa ntchitoyo.

Amene akufuna lalikulu ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ndizinene ndine ndemwe kuopa kuti angati sindizidziwa. Bwato losema ndi chipika chobooledwa basi. Kukamwa kwake n'kopapatiza, moti munthu wathupi amalowa cham'mbali, apo ayi amakhala pamwamba, miyendo yokha ndiyo ili m'kati. Mayi wobereka mwana amanyonyomala pansi, chitenje chitanyowa kale ndi madzi a m'bwato, dengu lili pamiyendo, wopalasa akungobwereza mawu amodzimodzi: "Musagwedezeke mayi, musayang'ane m'madzi." Mukagwira mlomo wa bwato, nsonga za zala zimakhudza mtsinje. Njinga yakapalasa amaigoneka chopingasa. Yamoto ndiye imafuna anthu awiri oigwirira, mwini wake atagwira mtima m'manja. Nanga maliro? Ife ndi a tsidya ilo ndife amodzi. Malirewa adalemberana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891 osatifunsa, koma ife timakwatirana, timalimirana, timaikana maliro, chimanga chikavuta kuno timakagula komweko, ndipo amayi oyembekezera a kumeneko ambiri amadzachilira m'zipatala za kuno. Bokosi la maliro litapingasa pabwato losema, amuna awiri akulichirikiza ndi mawondo, si chinthu chomwe ndingafunire munthu kuti achione. Kuwonjezera apo, mabwato a masiku ano achepa thupi. Mitengo ikuluikulu ya mbawa yomwe ankasema agogo athu idatha, lero akusema mango, mtengo wosachedwa kuwola.

Ndiye zoti bwato losema latikwana, tonse tikugwirizana. Tasiyana pa chobwera m'malo mwake.

Ruo sakhala chimodzimodzi chaka chonse. Amachokera pa phiri la Mulanje, panjira n'kulandira Muloza, Lichenya ndi Likhubula, ndipo pafupi ndi Sandama pompano amalandiranso Thuchila. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, malo ambiri madzi amalekeza m'mawondo kapena m'chiuno, miyala ili poyera, wopalasa akudutsa m'timipata tomwe iye yekha amatidziwa. Boti la m'chithunzi chija adalipangira nyanja. Pansi pake ndi posongoka kuti lizing'amba mafunde a mwera, ndipo kusongokako kumafuna madzi akuya. Mwendo wa injini umatsika kupitirira pansi pa botilo, chifukwa pulopela imayenera kumira yonse. Pa Ruo wa mu Okutobala, pulopelayo ndiyo izidzayamba kupeza mwala. Komanso injini za mtundu uwu zimadziziziritsa ndi madzi omwe zimakoka mumtsinje momwemo. Pamadzi osaya zimakokera mchenga pamodzi, kalabala kopopa madzi m'katimo n'kudyeka, injini n'kutentha. Choncho miyezi yonse ya chilimwe boti lathu lokongolalo lidzakhala lili pachingwe, ana akuseweramo, ife tikuwolokabe pa bwato la mango lomwe lija.

Mudzati: chabwino, koma talifunira dzinja. Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse. Ruo wa mu Januwale ndi Febuluwale amadzaza mosachenjeza. Kuno kukhoza kukhala dzuwa lili phwee, koma mvula itagwa kuphiri usiku, madzi amafika ofiira, atasenza zipika, nsungwi ndi makolo a nthochi. N'zoona, alipo masiku omwe boti la injini lingawoloke pomwe bwato silingayerekeze. Sindikana. Koma funso langa pabwalo paja linali lakuti: injini ikazima pakati pa mtsinje, chichitike n'chiyani? Injini zimazima. Kansalu kapena kachingwe kakakulunga pulopela, petulo akalowa madzi, pulagi ikada, yazima. Boti laling'ono amuna awiri amagwira nkhafi n'kulitsamiritsa kugombe, ngakhale patali ndi dooko. Lalikulu litadzaza anthu, matumba ndi njinga zamoto, nkhafi ziwiri sizilitembenuza n'komwe, limangopita kumene madzi akupita. Ndipo kumunsi kwathu tonse tikudziwa chomwe chili kumeneko: matanthwe, kenako mathithi a Zoa, pomwe madzi amagwa pafupifupi mamita 60.

Pali china. Lero madzi akakwiya, opalasa amakokera mabwato kumtunda n'kunena kuti lero kulibe ulendo, ndipo palibe amene amawakakamiza, chifukwa aliyense akuona ndi maso kuchepa kwa bwato. Boti lalikulu lidzachotsa mantha amenewo. Anthu adzaima padooko n'kumakuwa kuti mudagulirenji injini ngati mukuopa madzi, ndipo mnyamata woyendetsa, pochita manyazi, adzaliza injini tsiku lomwe samayenera kuliza.

Tsopano ndinene za ntchito yanga, poti apa ndiye ndikuyankhula zomwe manja anga adagwira. Chomwe chimanyamula boti ndi madzi omwe lawakankhira pambali, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tengani boti la pansi pafulati lotalika mamita 5, m'lifupi mita imodzi ndi theka. Mukachotsera kupapatiza kwa kutsogolo, pansi pake pamatsala pafupifupi masikweya mita 6. Boti limenelo likamira ndi masentimita 10 okha kuwonjezera pa momwe limamirira lili lopanda katundu, lakankha malita ena 600 a madzi, kutanthauza kuti lasenza makilogalamu 600. Amenewo ndi matumba 12 a chimanga a makilogalamu 50, kapena anthu akuluakulu asanu ndi atatu ndi timitolo tawo. Masentimita 10 ndi m'lifupi mwa chikhatho changa. Ndiye boti lomwe inu mukuliti laling'ono limanyamula njinga yamoto itaima chilili, bokosi la maliro litagona bwinobwino pansi, wodwala ali pamphasa, ndipo limayandama pamadzi olekeza m'katumba. Chomwe chimaletsa boti kupendekeka kwenikweni ndi kutambalala kwake ndi kuika katundu wolemera pansi, osati kutalika. Bwato losema limagwedezeka chifukwa ndi lopapatiza ndiponso lozungulira pansi, osati chifukwa ndi lalifupi.

Kukula nako kuli ndi masamu ake omwe amapusitsa anthu. Mukati tiwirikize kawiri boti, kutalika, m'lifupi ndi kuya, zonse pamodzi, simwawirikiza kawiri kulemera kwake. Mwakuwirikiza pafupifupi ka 8. Izi zimaoneka usiku womwe madzi akukwera. Boti la mamita 5 amuna anayi kapena asanu amalikoka pa mitengo yogubuduza n'kukaligoneka pansi pa mtengo wa mango kumtunda. Lalikulu limafuna mudzi wonse, ndipo pakati pa usiku mvula ikugwa mudzi wonse sudzuka. Limatsala pachingwe, chipika chimodzi chochokera ku Thuchila n'kudzalimenya. Faiba ikang'ambika, kuno palibe woimata, mankhwala ake ndi nsalu yake mpaka mukazifune m'tauni. Thabwa likasweka timalizula n'kukhomapo lina, m'mipata n'kutsindiramo thonje, pamwamba phula, m'mawa boti lili m'madzi.

Ndili mnyamata ndidagwirapo ntchito yokhoma ndi kumata maboti padooko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa. Mu 1995 nyanja ija idaphwa. Oyamba kukhala pamatope adali maboti akuluakulu a anthu a ndalama. Ndidawaona atapendekeka pamatope ouma, dzuwa litatsegula matabwa moti mkono umalowa, misomali itachita dzimbiri. A timabwato adapitirizabe kukankha ndi nsungwi m'timingalande, kupha milamba yotsala, mpaka madzi adatheratu, kenako adakokera timabwato tawo pamthunzi n'kudikira. Madzi atabwerera, iwo ndiwo adayamba kulowa. Eni maboti aakulu ena sadadzukenso. Mu 2018 nyanjayi inaphweranso, ndipo amene anapitako adzakuuzani zomwe anaona pa Kachulu.

Ngakhale azungu a makampani akale, ndi ndalama zawo zonse, madzi osaya adawagonjetsa. Sitima zawo zinkakwera Shire kudzafika ku Chiromo, pomwe Ruo amathira, koma madzi atayamba kuchepa zidayamba kukanirira pamchenga. Njanji yodutsa kwathu kuno, yomwe idafika ku Blantyre mu 1908, idayambira ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, ndipo posakhalitsa adaitalikitsanso mpaka ku Chindio pa Zambezi chifukwa cha vuto lomwelo.

Za mafuta ndisatalikitse, nonse mukudziwa. Injini imafuna petulo, ndipo zambiri za mtundu uwu zimafunanso oyilo wosakaniza. Petuloyo akachokere ku Luchenza kapena ku Thyolo boma, m'zigubu, panjinga yamoto, pamsewu wathu uja wa m'dzinja, nthawi yomwe boti likufunika kwambiri. Mafuta akasowa m'dziko, monga zakhala zikuchitika zaka zapitazi, a magalimoto akugona pamizere m'tauni, kodi chigubu cha ku Sandama chidzapatsidwa malo? Sipeyala aliyense wa injini ndi wochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinaona momwe zinthu zakunja zinalumphira. Inu ana mugula boti kamodzi, koma kulidyetsa kudzatsalira ife. Pomaliza mtengo wowolokera udzakwera, ndipo mayi wa dengu la tomato uja adzabwerera ku bwato losema chifukwa ndilo angakwanitse.

Ndiye pali kudikira. Mtsinje wathu padooko si wotambalala, kuwoloka ndi mphindi zochepa, ndipo anthu amafika mmodzimmodzi: uyu ndi njinga, uyo ndi nkhuku, wina akuthamangira kuchipatala. Boti lalikulu silingalize injini chifukwa cha anthu awiri. Lidzakhala ngati minibasi ya pa siteji, yomwe kondakitala amalumbira kuti yatsala ndi munthu mmodzi, inu n'kukhalamo mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo kuti mafuta abweze, woyendetsa adzafuna lidzaze, likadzaza adzati onjezani thumba limodzi, pali malo. Ngozi zambiri zapamadzi zomwe timamva pawailesi, mukamvetsetsa, mawu ake amakhala omwewo: anapakira mopyola muyeso. Laling'ono likamira, Mulungu atalikitse, ndi tsoka la mabanja angapo. Lalikulu likamira ndi maliro a mudzi wonse, tsidya lino ndi tsidya ilo. Maboti awiri ali ndi ubwino winanso woonekeratu: lina limagona tsidya lino, lina tsidya ilo, moti wodwala wa usiku sachita kukuwa kuitana boti lomwe lili kutali. Lina likamakonzedwa, linzake likugwira ntchito. Lina likapeza vuto pakati pa madzi, linzake lilipo lokalanditsa.

Mfundo yomwe inandikhudza kwambiri pabwalo paja inachokera kwa mayi wina amene anataya abale pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anati tikadakhala ndi boti lalikulu, bwenzi ena atapulumuka. Sindinamuyankhe pagulu, chifukwa munthu wolira sutsutsana naye. Namondwe uja anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu tinalira tonse. Koma tikumbukire momwe zinachitikira. Kumapiri kuno ambiri anatengedwa ndi matope ndi miyala yogumuka, komanso madzi othamanga omwe anadula milatho. Pa madzi otero palibe boti lomwe likadaima, kaya likule bwanji. Kumene boti la injini limapulumutsadi anthu ndi kuchigwa, ku Makhanga ndi madera ena a Nsanje ndi Chikwawa, komwe madzi amasefukira n'kutambalala, anthu n'kutsala pazulu ndi m'mitengo. Kumeneko asilikali athu amapita ndi maboti awo, ndipo ndikadakhala wa kumeneko bwenzi kalata ino ikupempha lalikulu. Ku Likoma ndi ku Chizumulu nakonso palibe wamisala amene angati Ilala, yomwe yakhala ikuyenda kuyambira 1951, ilowedwe m'malo ndi timaboti. Koma ife tili m'chigwa chopanikizika, cha miyala, ndipo boti tigule la madzi omwe tili nawo.

Pali nkhani ina yomwe pabwalo anthu amaizemba: ndani adzasunga ndalama zowolotsera? Boti la injini limafuna thumba losungira zokonzera, ndipo thumbalo limafuna anthu okhulupirika chaka ndi chaka. Yendani m'midzi yathu muwerenge mijigo yomwe idaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi, komiti ikulozana zala. Sindikunena munthu, ndikunena zomwe tonse timaona. Komanso malamulo a dziko lino amafuna kuti boti lonyamula anthu lilembetsedwe ndi kuyenderedwa ndi a nthambi yoona za maulendo a pamadzi, ndipo pano ndi pamalire. Boti la injini lodzaza matumba a chimanga si kanthu koti lingamawoloke osafunsidwa mapepala mbali zonse ziwiri. Zimenezi mukafunse kwa akuluakulu a boma ndalama zisanatuluke, osati boti litafika kale pa lole.

Pempho langa ndi ili. Tikhome maboti awiri a mamita 5 kapena 6, otambalala, a pansi pafulati, kutsogolo kokwera pang'ono kuti azitsamira pamchenga. Matabwa akhale ouma bwino, osati ocheka dzulo, misomali ikhale yosachita dzimbiri, ndipo mmisiri akhale wozolowera maboti, ngakhale zitatengera kukamutenga ku Chilwa kapena ku Mangochi. M'mbali mwake tijambule mzere wofiira, ndipo lamulo la amfumu likhale loti mzerewo ukamira wina atsike, kaya ndi mfumu yomwe. Ndalama zotsala, ndipo zitsala zambiri, tigulire majekete oyandamitsa okwanira aliyense wokwera, ena aang'ono a ana, nkhafi zapadera, zingwe zolimba, tochi, ndi zigubu zodula zokapira madzi. Madzi ochepa oyendayenda pansi pa boti la fulati ndi oopsa kuposa momwe amaonekera, chifukwa onse amathamangira mbali yomwe lapendekera, ndiye kukapa kusamadikire kuti afike m'kakolo. Padooko tizike mtengo wokhala ndi chizindikiro, madzi akafika pamenepo ulendo kulibe, ndipo wopalasa asamanyozedwe. Ngati mtima wanu uli pa injini ndithu, thabwa la kumbuyo kwa boti limodzi tilikhome lolimba, kuti mtsogolo muno mudzathe kupachikapo kainjini kakang'ono kochotseka. Dzina la mudzi lilembedwe pa onse awiri, penti ndigula ndine.

Tisaiwalenso opalasa athu. Alipo amuna amene alera ana ndi nkhafi padooko lomweli, amadziwa pomwe pali dziwe, pomwe madzi amazungulira, ndi mtundu wa madzi wosonyeza kuti kuphiri kwagwa mvula. Pamsonkhano uja anakhala kumbuyo, palibe anawafunsa kanthu. Boti la injini lidzafuna mnyamata mmodzi wodziwa makina, amene mwina mtsinjewu saudziwa, iwo n'kukhala pansi. Maboti awiri opalasa adzalowa m'manja mwawo momwemo.

Ana anga, ena a inu mumabwera kumudzi pa Khirisimasi, Ruo atayamba kudzaza, n'chifukwa chake m'maso mwanu ndi mtsinje waukulu nthawi zonse. Tumani mmodzi abwere mu Okutobala. Ndidzadula nsungwi, tidzailembe masentimita, tidzalowe naye limodzi kuchokera tsidya lino mpaka ilo, opalasa akutitsogolera, iye akulemba kuya kwa madzi phazi lililonse ndi kujambula pafoni. Zimenezo mukaonetse wogulitsa boti uja, mumufunse kuti boti lake ndi injini yake zimafuna madzi akuya bwanji likadzaza, ndipo yankho akupatseni polemba. Mpaka tsiku limenelo ndalama zikhale kaye kubanki.

Kwa awerengi anzanga a ku Chikwawa, Nsanje, Kachulu ndi m'mbali mwa nyanja, amene mudakhomapo kapena kuyendetsa maboti a pansi pafulati pamtsinje wothamanga, lembani kudzera kwa akonzi mutiuze matabwa omwe adakukhalitsani ndi muyeso womwe mudatsata. Amfumu avomera kuti nkhaniyi ibwererenso pabwalo tikakolola, ndipo makalata anuwo ndidzawawerenga pamenepo.

Ndine wanu,
Mmisiri wopuma,
Sandama, Thyolo